Nkhalango ziwiri za Edmonton: ina anaigawana, ina anaiikira komiti

Munthu wotsika basi pa Edmonton Green, kumpoto kwa mzinda wa London, sangaganize n'komwe za nkhalango. Amaona msika, nyumba zosanjikizana, ndi msewu wa Fore Street wodzaza mashopu a anthu ochokera ku Turkey, ku Somalia, ku Ghana ndi kwina. Komatu dera limeneli linakulira pakati pa nkhalango ziwiri za mafumu. Kumpoto chakumadzulo kunali Enfield Chase. Kum'mawa, kutsidya kwa mtsinje wa Lea, kuli Epping Forest. Yoyambayo inatha kalekale, kwangotsala timagawo apa ndi apo. Yachiwiriyo ilipo mpaka lero, mahekitala pafupifupi 2,400. Mitengo yake inali yofanana, ndipo anthu ozungulira nkhalango zonsezi ankasauka mofanana. Chimene chinasiyana n'chakuti ndani anali ndi mpando pokambirana za tsogolo la nkhalangoyo.

Nkhumba 2,000

M'kaundula wa chuma wa Domesday, amene Mfumu William analamula kuti alembedwe mu 1086, Edmonton alimo. Masiku amenewo kukula kwa nkhalango ankakuyeza ndi chiwerengero cha nkhumba zimene zingakhute zipatso za mitengo yake, ndipo ya Edmonton anailemba kuti ingadyetse nkhumba 2,000. Mwini malo anali Geoffrey de Mandeville, yemwenso anali ndi Enfield. Mkupita kwa nthawi, kudzera m'maukwati a mabanja olemera, nkhalangoyi inagwera m'manja mwa banja lachifumu n'kukhala gawo la chuma cha Duchy of Lancaster.

Mfumu inkafuna agwape oti izisaka. Anthu wamba a m'maparishi anayi, Enfield, Edmonton, South Mimms ndi Monken Hadley, anali ndi ufulu wamakolo wodyetsamo ziweto ndi kutolamo nkhuni. Dzina la Southgate, dera lomwe kale linali mbali ya parishi ya Edmonton, likuchokera ku chipata chakumwera cholowera m'nkhalangomo.

Ufulu unalipo, koma panalibe bwalo lokhazikika loti anthu wambawo alankhulepo mawu omveka kwa eni mphamvu. Choncho nkhani zinkathera pa zibonga. Mfumu Charles I ataphedwa, boma latsopano linagulitsa mbali zina za nkhalangoyi kwa akuluakulu a asilikali, ndipo mu 1659 anthu a m'midzi anagwetsa mipanda n'kumenyana ndi asilikaliwo. Mu 1723 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Black Act, lakuti wopezeka akusaka agwape ali ndi zida, nkhope atadzipaka zakuda, anyongedwe. Lamulo linakhwima, koma nkhuni ndi nyama sizinasiye kutuluka usiku. Amene anaonapo njinga za makala zikutsetsereka kuchokera ku Dzalanyama mbandakucha, asilikali ali konko, akudziwa kuti mantha paokha sasunga mtengo.

Kugawana kwa 1777

Mapeto ake boma linatopa nayo. Mu 1777 lamulo linadutsa loti Enfield Chase, yomwe inali maekala oposa 8,000, igawidwe. Mfumu inatenga maekala oposa 3,000. Parishi ya Enfield inalandira oposa 1,700, Edmonton pafupifupi 1,200, South Mimms oposa 1,000, ndipo Monken Hadley inangopeza 240. Pa gawo la mfumu, George III anabwereketsa malo kwa dokotala Richard Jebb, pomuthokoza kuti anachiza mng'ono wake atadwala mumzinda wa Trento. Malowo ndiwo Trent Park ya lero.

Gawo la Edmonton silinakhalitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 analidulanso n'kuligawira anthu okhala kale ndi minda ndi nyumba. Mitengo inagwa, makasu analowa m'dothi la makande lovuta kulima, ndipo mmphawi yemwe ankadalira nkhuni zaulere anayamba kugula malasha. Madzi akatayika saoleka.

Chodabwitsa n'chakuti kagawo kakang'ono ka Monken Hadley ndi komwe kanapulumuka. Lamulo la 1777 lija linakaika m'manja mwa akuluakulu a tchalitchi cha parishiyo kuti azikasunga m'malo mwa anthu onse a ufulu wodyetsa ziweto, ndipo panali malamulo a kagwiritsidwe kake. Monken Hadley Common ilipo mpaka lero, ndi mitengo yake, chifukwa kunali anthu odziwika ndi maina omwe akanafunsidwa chikhala kuti malowo asowa.

Nkhwangwa ya Willingale

Kutsidya kwa Lea zinthu zinkaloweranso komweko. Nkhalango ya Hainault, yoyandikana ndi Epping, inachotsedwa m'malamulo a nkhalango mu 1851, ndipo posakhalitsa mitengo yake yambiri inazulidwa. Ku Epping eni malo a m'midzi anayamba kuzika mipanda, aliyense chigawo chake, mpaka pofika 1870 pafupifupi theka la nkhalango linali litatsekedwa.

M'mudzi wa Loughton munali mwambo. Chaka chilichonse, pakati pa usiku wa pa 11 November, amuna ankalowa m'nkhalango ndi nkhwangwa kukayamba kusadza nthambi, ndipo ankapitiriza mpaka pa 23 April. Sankagwetsa mtengo. Ankadula nthambi pamwamba, popitirira mutu wa munthu, kuti mphukira zikatuluka ng'ombe ndi agwape asazifikire. Mtengo unkaphukanso, banja n'kupeza nkhuni za nyengo yozizira chaka ndi chaka.

M'ma 1860 mwini malo wa ku Loughton, m'busa John Whitaker Maitland, anatchinga maekala oposa 1,000. Thomas Willingale, munthu waganyu chabe, anakana kusiya mwambowo. Iye ndi abale ake anapitiriza kusadza, ndipo mwana wake ndi achibale ena anatsekeredwa m'ndende. Bungwe la Commons Preservation Society, lomwe linayamba mu 1865 kuteteza malo a anthu onse, linamuthandiza kukasuma. Willingale anamwalira mlandu usanathe, koma nkhani inali itamveka kale ku London konse.

Apa ndi pamene boma linachita zimene maboma amakonda kuchita nkhani ikatentha. Mu 1871 linasankha makomishonala oti afufuze za Epping Forest ndi kulangiza chochita. Iwo anamva maumboni, anasanthula zikalata zakale, ndipo lipoti lawo lomaliza linatuluka mu 1877, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Chikhala kuti anthu anangopinda manja kudikira lipotilo, mwina bwenzi mipanda itasanduka makoma a nyumba.

Yemwe anafulumiza zinthu ndi khonsolo yakale ya pakati pa mzinda, City of London Corporation. Khonsoloyi inali itagula malo a manda ku Aldersbrook, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo malowo anabwera ndi ufulu wodyetsa ng'ombe. Potengera ufulu umenewu inasumira eni mipanda. Mu November 1874 woweruza Sir George Jessel anagamula kuti wokhala ndi ufulu wodyetsa ziweto ali nawo m'nkhalango yonse, osati m'mudzi mwake mokha, kotero mipanda yambiri inali yosaloledwa.

Mipando inayi

Lamulo la Epping Forest Act la 1878 linamanga zonsezi pamodzi. Linaika khonsolo ya City of London kukhala msungi wa nkhalango, ndi udindo woti isamangidwe mpanda kapena nyumba, ikhale yoti aliyense alowemo. Koma silinasiye zonse m'manja mwa mabwana a mumzinda. Linakhazikitsa komiti yoyendetsa nkhalango, ndipo m'komitimo linasungira mipando inayi anthu otchedwa ma verderer, osankhidwa ndi eni ufulu wodyetsa ziweto pakatha zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse, awiri a maparishi akumpoto, awiri akumwera. Anthu anayiwa si alendo oitanidwa kudzamwa tiyi. Ndi mamembala enieni a komiti, ndipo dongosololi likugwirabe ntchito. Pa 6 May 1882 Mfumukazi Victoria anabwera ku Chingford, moyang'anizana ndi Edmonton, kudzapereka nkhalangoyi kwa anthu.

Chipambanochi chinali ndi mtengo wake. Ufulu wosadza nthambi, womwe Willingale anaumenyera, unathetsedwa. Anthu a ku Loughton analipidwa chipepeso, ndipo zina mwa ndalamazo anamangira holo yotchedwa Lopping Hall. Ukalowa m'nkhalangomo lero umaona zotsatira zake ndi maso: thunthu lalifupi, lonenepa, lamabowo, kenako pamwamba pake nthambi zisanu kapena khumi zokula ngati mitengo payokha. Kulemera kwake kumang'amba thunthulo mphepo ikaomba, ndipo mthunzi wake unapha zomera zapansi. Patapita zaka zoposa 100, akatswiri anayambanso kusadza mitengo ina mosamala, n'kubwezeramo ng'ombe za nyanga zazitali, zomwe tsopano zimavala makolala a GPS m'malo mwa mpanda. Nzeru imene anaiona ngati kuononga ija ndi imene inkasunga mitengoyo. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Makomiti a dziko lonse

Dziko la Britain linadzidzimuka pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Nkhalango zinali zitatsala pafupifupi 5 peresenti ya dziko, migodi ya malasha inkafuna mitengo yochirikizira, ndipo sitima zobweretsa matabwa zinkamizidwa panyanja. Mu 1916 boma linasankha komiti yotsogozedwa ndi Francis Acland. Malangizo ake sanaole m'kabati: mu 1919 kunabadwa Forestry Commission, wapampando wake woyamba Lord Lovat, ndipo mitengo yoyamba anaidzala ku Eggesford, ku Devon, mu December chaka chomwecho. Lero nkhalango zakwana pafupifupi 13 peresenti ya United Kingdom, ndi 10 peresenti ya England.

Komiti ina inabadwa chifukwa cha mkwiyo. Chakumapeto kwa 2010 kunamveka kuti boma la David Cameron likufuna kugulitsa kapena kubwereketsa nkhalango za boma ku England, mahekitala pafupifupi 258,000. Anthu oposa theka la miliyoni anasaina chikalata chokana. Mu February 2011 nduna Caroline Spelman anavomera m'Nyumba ya Malamulo kuti boma linalakwitsa, n'kukhazikitsa Independent Panel on Forestry, yotsogozedwa ndi Bishopu James Jones wa ku Liverpool. Lipoti lake la July 2012 linati nkhalangozo zikhalebe za anthu onse, zitetezedwe ndi lamulo lapadera, ndiponso nkhalango za England zifike 15 peresenti pofika 2060. Boma linavomera kusagulitsa, chiwerengero linachitsitsira pa 12 peresenti, ndipo lamulo lapaderalo silinabwere. Komiti yolangiza imathera pomwe nduna yafuna kumvera.

Madzi akumbutsa

Ku Edmonton nkhalango yotayika ija inadzikumbutsa yokha. Kamtsinje ka Salmons Brook kamayambira kumtunda kumene kunali Enfield Chase n'kudutsa pakati pa nyumba za Edmonton. Mu 2000 kanasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu. Kuwonjezera pa zomangamanga zotchinga madzi, kuyambira 2020 khonsolo ya Enfield, mogwirizana ndi bungwe la Thames21 ndi anthu ongodzipereka, yadzala mitengo yoposa 100,000 kumtundako ndi kukumba madambo ang'onoang'ono oti madzi a mvula azichedwa kutsika. Zimene makolo anagawana mu 1777, zidzukulu zikuzigulanso ndi mbande.

Nanga kwathu?

Malawi sakusowa makomiti. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhazikitsa Forestry Management Board yolangiza nduna, ndipo linazindikira makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe, ma VNRMC. Nkhalango za m'midzi zosungidwa ndi anyakwawa zinayamba kale mu ulamuliro wa atsamunda, m'ma 1920. Ku Chimaliro ndi ku Liwonde, boma ndi anthu ozungulira anayesera kusamalira nkhalango mogawana udindo kuyambira m'ma 1990. Mu 2020 zilango za owotcha makala popanda chilolezo zinakhwimitsidwa. Komabe mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, Chikangawa anapsa ndi kudulidwa tikuona, ndipo Dzalanyama, gwero la madzi a mzinda wa Lilongwe, akunka nayera.

Mbiri ya Edmonton ikutipatsa mafunso oti tifunse bodi iliyonse yatsopano ikalengezedwa pa wailesi. Mwa anthu okhalamo, ndi angati omwe amasenza nkhuni, kudyetsa mbuzi kapena kutchera ming'oma ya njuchi m'nkhalango imene akuikambayo? Anawasankha ndi anzawo a m'mudzi, kapena anatchulidwa ku Capital Hill? Mawu awo ali ndi voti, kapena amangolembedwa m'maminitsi a msonkhano? Ndipo nduna ikanyalanyaza, alipo woti angaitengere kukhothi? Ku Enfield Chase mayankho onse anali ayi, ndipo nkhalango inatha mkati mwa m'badwo umodzi. Ku Epping ena mwa mayankhowo analembedwa m'lamulo mu 1878. Amene akufuna kuti Dzalanyama adzapezedwe ndi zidzukulu ayambe ndi kuwerenga mipando ya m'bodi yathu, aone kuti ya anthu a kwa T/A ozungulira nkhalangoyo ndi ingati.