Sukulu ya Pansi pa Mtengo: Mbiri ya Umakaniko ku Balaka ndi ku Machinga

Aliyense woyenda pa msewu wa Liwonde kupita ku Balaka amawadziwa magalaja a m'mbali mwa msewu: nthaka yoderatu ndi oyilo, galimoto yokhazikidwa pa njerwa, anyamata ataunjirira injini, ndi chikwangwani cha penti chonena kuti pano timakonza sitata, alitaneta ndi giyabokosi. Ambiri amaona malowa ngati kothawira ana amene sukulu inawakanika. Koma mbiri yake ikusonyeza kuti magalajawa ndi sukulu payokha, yomangidwa ndi njanji, msewu ndi kusowa kwa masipeya, ndipo kwa zaka zambiri sukuluyi inkakwanira chifukwa galimoto za nthawi imeneyo zinkaulula matenda ake kwa munthu wa khutu ndi maso. Mfundo yanga ndi yakuti luso la amisiriwa ndi lenileni, koma njira yolisiyira achinyamata, yongoonerera ndi kutsanzira, yafika poti payokha singapirire, pakuti galimoto zimene zadzaza m'misewu ya maboma awiriwa lero zimabisa matenda ake m'mawaya ndi mu kompyuta.

Balaka linakhala boma palokha mu 1998 litapatulidwa ku Machinga, koma tauni yake ndi yakale ndipo inakula chifukwa cha sitima. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inatha kumangidwa mu 1935, chaka chomwe mlatho wa njanji pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, ndipo Balaka inakhala siteshoni yokwezerapo thonje ndi mbewu zina za m'madera ozungulira. Sitima siifika kumunda. Pankafunika malole otuta katundu m'misika ya kumidzi kudzamutula pa siteshoni, ndipo paliponse pamene lole imagona pamafunika munthu wodziwa kuidzutsa m'mawa ikakana kulira. Mu 1970 njanji ina inayambira pa Nkaya, n'kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi pa malire ndi Mozambique, kulunjika ku doko la Nacala. Dera lonseli linasanduka mphambano. Komabe malo aakulu okonzera zitsulo za njanji anali ku Limbe, magalaja a makampani ogulitsa galimoto anali ku Blantyre, ndipo bungwe la PVHO linkasamala galimoto za boma. Mwini lole wamba, galimoto yake ikafera pa Ulongwe kapena pa Ntaja, sakanadalira aliyense wa amenewa.

Msewu unadzawonjezera ntchito. Mu 1965 pa Liwonde panamangidwa Kamuzu Barrage, yotchinga madzi a Shire ndi kuwolotsa galimoto pamalo pamene kale anthu ankadikira pantoni. Msewu wa tala wa Zomba kupita ku Lilongwe unadutsa pomwepo, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mabasi, malole ndi galimoto za boma zoyenda pakati pa likulu lakale ndi latsopano zinkadzera ku Liwonde ndi ku Balaka. Dera lenilenilo ndi lozunza galimoto. Kuchokera pa boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, msewu umatsetsereka kulowa m'chigwa cha Shire. Wotsika amayenera kudalira giya yaing'ono kuti mabuleki asapse, ndipo wokwera ndi katundu wolemera amamaliza kilatchi. M'chigwamo kutentha kumaphwetsa madzi a m'batire, fumbi la chilimwe limalowa mu sitata ndi mu alitaneta, ndipo mvula ya dzinja imanyowetsa mawaya. Ngakhale msewu wa Zalewa unadzalanda galimoto zambiri za pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, za ku Zomba, ku Mangochi, ku Ntaja ndi ku Chiponde zinatsalabe.

Kuti timvetse chifukwa chake munthu wosapita patali ndi sukulu ankatha kukhala katswiri, tiyenera kuona mmene galimoto za petulo za nthawiyo, monga Land Rover, Peugeot 404 ndi Datsun, zinapangidwira. Moto unkachoka ku batire ya mavoti 12 kupita ku koyilo, kuchoka ku koyilo kupita ku disitibyuta, imene inkaugawira mapulagi motsatana. M'kati mwa disitibyuta munali mapointi, tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka, timene tinkapsa kapena kuyandikana mopitirira muyeso. Makaniko ankatipala ndi sandipepa, n'kusiya kampata kosakwana theka la milimita, kenaka n'kumapotoza disitibyuta pang'onopang'ono akumvetsera mpaka kulira kwa injini kutakhazikika. Pofuna kudziwa ngati moto ukufika, ankazula waya wa pulagi n'kuuyandikiza ku chitsulo cha injini: moto wabuluu ndi wamphamvu, wofiirira ndi wofooka. Sitata ikangoti kha! osazungulira, ankayamba wapala mitu ya batire, kenaka n'kuona mabulashi ndi solenoidi. Dayinamo, ndi alitaneta imene inadzalowa m'malo mwake, zinkamasulidwa ndi sipanala ndi sikuludiraiva basi. Chilichonse chinkaoneka, ndipo chooneka mwana amachiphunzira poyang'ana manja a mkulu.

Giyabokosi ya manyuwo ndi chimodzimodzi. Ndi bokosi la zitsulo za mano zozungulira mu oyilo wokhuthala, ndipo ikayamba kudwala siibisa. Giya yokukuta polowa imasonyeza kuti mphete za mkuwa zofananitsa liwiro la magiya zaperepeseka, kapena kilatchi sikulekana bwino. Giya yotuluka yokha imanena za mano akutha kapena foloko yopindika. Phokoso lobwera munthu akaponda kilatchi limaloza ku beringi ya kilatchiyo, pamene phokoso losiya akaponda limaloza ku beringi ya m'kati mwa bokosi. Injini ikamakuwa pamtunda koma galimoto osayenda, kwinaku kukumveka fungo la chopserera, ndiye kuti kilatchi puleti yatha. Koposa zonse, galimoto ya manyuwo imakhululuka. Batire ikafooka kapena sitata ikakana, anthu angapo amaikankha, dalaivala ali pa giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi, injini n'kudzuka. N'chifukwa chake madalaivala a matola ankakonda kuimika galimoto yoloza kotsetsereka. Vuto la magetsi silinkagoneka munthu panjira, linkadikira mpaka pa galaja yotsatira.

Chimene chinanola lusoli ndi kusowa. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala cha m'ma 1983 ndi 1984, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuyenda pa malole ulendo wautali wodzera ku Tete ndi ku Zimbabwe mpaka ku Durban. Chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, masipeya omwe. Sipeya ikasowa, msiri amaphunzira kuukitsa chakufa: kukulunganso waya wa mkuwa mu sitata yopsa, kusema mabulashi a galimoto ina kuti alowe pa ina, kukhomerera zikopa zatsopano pa kilatchi puleti yakale, ndi kupanga giyabokosi imodzi yamoyo kuchokera ku ziwiri zowonongeka. Itafika 1994, malonda anamasulidwa, kwacha inasiyidwa kuti iziyenda ndi msika, ndipo maminibasi anachuluka. Apa panasintha chinthu chachikulu. Mabasi a kampani ya UTM, amene anadzakhala a Stagecoach kenaka a Shire Bus Lines, anali ndi magalaja ndi amakaniko awoawo. Mwini Toyota Hiace imodzi analibe zonsezo, choncho ntchito imene inali m'mipanda ya makampani inatulukira pa msewu. Mnyamata ankaperekedwa kwa msiri ndi bambo kapena malume ake, n'kuyamba ndi kutsuka zitsulo m'petulo ndi kupatsira masipanala, mpaka atadziwa kuti galimoto ya ku Japan imafuna 10, 12, 14 ndi 17. Patapita zaka ankapatsidwa giyabokosi kuti aphwasule yekha, ndipo akaibwezera osatsalitsa nati, ankayesedwa munthu woti n'kukatsegula pake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, zodzera pa madoko a Dar es Salaam ndi Durban, zinasefukira m'dziko muno, ndipo poti ku Japan pafupifupi aliyense amagula otomatiki, zobwera kunonso zambiri ndi za otomatiki. Toyota Sienta, Passo, Vitz ndi Honda Freed ndi zimene zikunyamula anthu pakati pa Liwonde, Balaka, Nsanama ndi Ntaja. M'galimotozi mulibe mapointi, mulibe kabuleta. Pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake, ndipo nthawi ya moto ndi muyeso wa mafuta zimalamulidwa ndi kompyuta bokosi yomvera masensa. Zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, yofuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wina n'kuipha. Galimoto yotere siidzuka poikankha. Zizolowezi zina zakale zasanduka zoopsa: kuzula waya wa batire injini ikulira, poyesa ngati alitaneta ikutchaja, kungathe kuotcha kompyuta bokosi. Njira yoyenera ndi ya mita: batire yabwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.8 ndi 14.4 ikulira. Galimoto za haibulidi monga Toyota Aqua zili ndi batire ina ya mavoti 144, ndipo mawaya ake a mtundu wa lalanje angathe kupha munthu wowagwira mosadziwa.

Ena anganene kuti amakaniko a pansi pa mtengo sanakhalepo akatswiri, ndi ongolota chabe: fyuzi ikapsa amalumikiza ndi waya, injini ikatentha amachotsa femositati, ndipo amagulitsa mwini galimoto sipeya iyi ndi iyo mpaka vuto litatha mwangozi. Zimenezi zimachitikadi, ndipo waya wolowa m'malo mwa fyuzi wayatsapo galimoto. Koma mlanduwu uli ndi mbali ziwiri. Nthawi zambiri amene amakana kugula sipeya yoyenera n'kunena kuti ingopangani zoti ndikafike ndi mwini galimotoyo. Komanso kaganizidwe ka msiri weniweni, koyamba ndi chotchipa ndi chapafupi, kolondola moto kuchokera ku batire mpaka pamene waduka, kosiyanitsa vuto la mafuta ndi la moto ndi la mpweya, ndi komweko kamene kamaphunzitsidwa m'makoleji. Ntchito iliyonse ili ndi achinyengo ake, ndipo sitingaweruze onse ndi zochita za ochepa, pamene minibasi zopangidwa zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo zikukwerabe mtunda wa Machinga chifukwa cha manja a anthu amenewa.

Ena anganene kuti palibe chodetsa nkhawa, pakuti masukulu alipo ndipo makina oyezera galimoto atchipa. N'zoona kuti bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, kuti koleji ya Nasawa ili pafupi ku Zomba, kuti sukulu ya Andiamo ku Balaka yakhala ikuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, ndiponso kuti kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Koma malo m'masukuluwa ndi ochepa poyerekeza ndi anyamata amene ali kale pansi pa galimoto, ndipo msiri wa banja sangatseke galaja zaka ziwiri kuti akakhale m'kalasi. Makina oyezera nawo sakonza galimoto. Amangotchula nambala ya dera limene muli vuto, ndipo nambala yonena za sensa ingathe kubwera chifukwa cha waya wodyedwa ndi khoswe kapena cholumikizira mawaya chochita dzimbiri chitalowa madzi, monga zinkachitikira galimoto zomizidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Wosadziwa kuwerenga Chingerezi cha pa makinawo ndi mapu a mawaya adzagulitsa mwini galimoto sensa yatsopano, vuto n'kukhala pomwepo. Kulota kumene anthu amadandaula nako kumangosamukira pa kompyuta.

Palinso onena kuti luso lakale lingosiyidwa lizifa lokha. Amenewa sanayang'ane bwino msewu. Malole a Canter ndi Dyna otuta chimanga, thonje ndi mchenga, maminibasi ambiri, mapikapu, mathirakitala ndi njinga zamoto za kabaza, zambiri mwa izo zikuyendabe ndi kilatchi ndi giya za manja. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowabe, wokulunganso sitata ndi wotsitsimutsa giyabokosi akufunika kuposa kale. Chimene chikusowa ndi munthu mmodzi wosenza maluso onse awiri, khutu la msiri wakale ndi mita ya wamagetsi wa lero.

Choncho ntchito yagona kwa TEVETA, makoleji ndi makhonsolo a Balaka ndi Machinga. Maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto, a madzulo kapena a Loweruka, m'Chichewa ndi m'Chiyao, apite kwa amisiri amene ali kale ndi ophunzira awo, pakuti kuphunzitsa msiri mmodzi n'kuphunzitsa galaja yonse. Mayeso a trade test, amene amalola wophunzirira pa ntchito kupeza satifiketi, afikitsidwe pafupi ndi pa mtengo wotheka. Eni galimoto asiye kukakamiza zachidule, ndipo azifunsa kuti vutolo layezedwa bwanji asanatulutse ndalama ya sipeya. Nanunso makolo, musanapereke mwana ku galaja, muonetsetse kuti akudziwa kuwerenga ndi kuwerengera, chifukwa sipanala yokha sidzamudyetsa.