Mayina a Mibadwo: Ndani Analera Yani?

 Madzulo ano tikambirana za mayina amene achinyamata athu akutchulana nawo, monga Gen Z ndi Millennial. Akuluakulu ambiri amangowamva osadziwa kumene anachokera, pamene ena amawagwiritsa ntchito podzudzulana kuti uje ndiye analera ana mosasamala. Tiyeni tiyambe tafufuza gwero lake.

Mayinawa kwawo ndi ku America. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali anabwerera kwawo nakhazikitsa mabanja, ndipo pakati pa 1946 ndi 1964 kunabadwa ana pafupifupi 76 miliyoni. Amenewa ndiwo anatchedwa Baby Boomers, kunena ana obadwa mwaunyinji. Owatsatira, obadwa kuyambira 1965 mpaka 1980, anatchuka ndi dzina la Generation X chifukwa cha buku la Douglas Coupland la mu 1991. Dzina la Millennials analiyambitsa ndi William Strauss ndi Neil Howe, ndipo bungwe lofufuza la Pew Research Center limaika m'gululi obadwa kuyambira 1981 mpaka 1996. Obadwa kuyambira 1997 mpaka 2012 ndiwo Generation Z.

Tsono taonani, omvera, kuti malire amenewa anawalemba ndi anthu, ndipo gulu lililonse silikwana zaka 20. Munthu wobadwa mu 1947 amene anabereka ali ndi zaka 22 analera mwana wa Generation X. Wobadwa mu 1955 amene anabereka ali ndi zaka 30 analera Millennial. Wobadwa mu 1964 amene anabereka ali ndi zaka 35 analera wa Generation Z. Makolo atatu onsewa ndi Baby Boomers, koma ana awo ali m'mibadwo itatu. Choncho wonena kuti mbadwo wakuti ndiwo unalera mbadwo wakuti anena zoona pang'ono chabe.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Karl Mannheim, analemba mu 1928 kuti chimene chimamanga mbadwo ndicho zochitika zazikulu zimene anthu anaziona pamodzi akali achinyamata. Makolo athu ankadziwa kale zimenezi. Gogo wosadziwa chaka chimene anabadwa amatha kunena kuti pa njala ya 1949 anali namwali, kapena kuti mwana wake woyamba anabadwa nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963. Ena amawerengera pa ufulu wa 1964, ena pa riferendamu ya 1993.

Nanga kuno kwathu analera anzake ndani? Abambo atapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, ana anakula m'manja mwa amayi ndi amalume. Edzi itasesa makolo ambiri m'zaka za m'ma 1990, agogo omwe aja anapulumuka njala ya 1949 anaberekanso adzukulu kumsana, nagwira khasu ataweramira kale ndi ukalamba. Ntchito yotereyi simungaipeze pa mndandanda wa ku America uja.

Mayina achilendowa tiwadziwe ndithu, pakuti dziko likulankhula nawo. Koma tisanaloze chala mbadwo wina, tiyambe tafunsa pakhomo pathu kuti amene anatiphikira phala ndi kutilipirira sukulu anali ndani. Ngati akali moyo, mawa mukawazonde. Tsalani bwino.