Magetsi a kumudzi: okumba ngalande ndi ena, eni ake ndi ena

Kopaletivi ya magetsi ndi bungwe limene eni ake ndi anthu omwe amayatsa magetsiwo. Aliyense amene waya wafika pakhomo pake amakhala membala, amalipira ndalama yolowera, amasankha nawo oyendetsa bungwe, ndipo pamsonkhano wa pachaka voti yake ndi imodzi, kaya ali ndi babu limodzi lokha kaya ali ndi chigayo. Ndalama zikatsala chaka chikatha sizipita m'thumba la munthu wapadera. Zimabwerera kwa mamembala, kapena zimagulira mapolo oti waya afike mudzi wotsatira.

Kwa munthu wa kwa Changata m'boma la Thyolo, zimenezi zikumveka ngati nthano, pakuti magetsi amene iye amawadziwa ndi a ESCOM kapena a pa esiteti. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 721,456 m'bomali, ndipo anaonetsanso kuti m'dziko lonse mabanja ounikira magetsi anali 11 okha pa 100 alionse. Kumidzi anali pafupifupi 4 pa 100. Mmene zinafikira pamenepa ndi mbiri ya zinthu ziwiri zimene zakhala zikuyenda padera: waya wa magetsi, ndi magulu a anthu odzilamulira okha.

Maziko a makopaletivi anaikidwa mu 1844 m'tauni ya Rochdale ku England, kumene anthu 28, ambiri a iwo owomba nsalu, anasonkherana ndalama n'kutsegula sitolo yawoyawo. Lamulo lija la munthu mmodzi voti imodzi linafala kuchokera kumeneko. Kumagetsi linafika mochedwa. Pofika 1935, ku America nyumba 9 pa 10 zilizonse za m'tauni zinali ndi magetsi, pamene kumafamu inali imodzi yokha pa 10. Makampani ankakana kukoka waya mtunda wautali chifukwa cha nyumba ziwiri kapena zitatu. Chaka chimenecho boma la Franklin Roosevelt linakhazikitsa nthambi yobwereketsa ndalama za magetsi a kumudzi, koma makampani sanazithamangire. Amene anazitenga ndi alimi. Ankayenda khomo ndi khomo kulembetsa anzawo, aliyense n'kupereka madola 5, ndipo ambiri ankalola mapolo kudutsa m'minda mwawo osalipiritsa. Lero makopaletivi oterewa alipo pafupifupi 900 ndipo amaunikira anthu oposa 40 miliyoni. Sikuti zonse ndi zosalala kumeneko: mamembala ambiri sapita kumisonkhano, moti mabungwe ena amachita kukonza chakudya ndi mphoto kuti anthu akwane. Njirayi inafika ku Philippines ndi ku Bangladesh, ndipo kuno kwathu kufupi inayesedwa ku Urambo m'dziko la Tanzania, kumene ogula magetsi anapanga kopaletivi mu 1993 n'kumayendetsa okha majeneleta a dizilo.

Nthawi imene alimi a ku America ankalembetsana, ku Thyolo nkhani inali ya malo. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'ma 1890, n'kuwolokera ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa inatsegulidwa mu 1923. Mafakitale a tiyi ankafuna mphamvu zopukusira makina ofotetsa ndi opota masamba, choncho anadzipezera okha mainjini, ndipo ku Lujeri ku Mulanje anamanga makina opukusa magetsi ndi madzi a m'phiri. Magetsi analowa m'dera la tiyi ngati chida cha fakitale. Munthu wothyola tiyi ankawaonera patali.

Anthu ambiri a m'derali ndi Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo anafikira pa malo amene anali kale m'manja mwa azungu. Lendi ya malowo inali ntchito. Apa ndi pamene mawu abwino anaonongekera. Kuthangata kunali kuthandizana, monga zimakhalira pa dima, pamene mudzi umalimira munthu mmodzi lero podziwa kuti mawa ukalimira wina. Pa esiteti thangata anasanduka ntchito yokakamiza, yowerengedwa pa tikiti, ndipo mwezi wake unkatalika monga afunira kapitawo. Mkwiyo wa zimenezi unaphulika mu Ogasiti 1953 pa zipolowe zimene zinayambira pa esiteti ya Mangunda ku Thyolo komweko, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Wofuna kumvetsa chifukwa chake agogo ena amayamba afunsa kuti chinthucho chidzakhala cha yani asanatole khasu kupita kuchitukuko ayambire pamenepa.

Makopaletivi nawo anali atafika. Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lawo mu 1946, ndipo anakula kwambiri kumpoto, pakati pa alimi a khofi ndi a mpunga, monga a Kilupula ku Karonga. Sanakhalitse. M'zaka za m'ma 1960 ambiri anatsekedwa, ntchito yogula mbewu n'kupita ku bungwe la boma limene mu 1971 linadzakhala ADMARC. Ulamuliro wa chipani chimodzi sunkakondwera ndi magulu osankha okha atsogoleri. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, amene anayamba m'zaka zomwezo, anaikidwa pansi pa Smallholder Tea Authority, bungwe la boma lokhazikitsidwa mu 1967. Amene anapulumutsa mwambo wa umembala ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene tchalitchi cha Katolika chinawalimbikitsa m'ma 1970 ndipo mu 1980 anapanga mgwirizano wa MUSCCO. Lamulo latsopano la makopaletivi linadzabwera mu 1998.

Magetsi anatenga njira yomweyo ya boma. Nkula A inayamba kupukusa magetsi pa mtsinje wa Shire mu 1966, Tedzani n'kutsatira mu 1973 ndipo Kapichira mu 2000. Ndondomeko yopereka magetsi kumidzi ya MAREP inayamba mu 1980, ndipo malamulo a 2004 anaipatsa thumba lakelake, limene limadzazidwa ndi ndalama yowonjezera pa mtengo wa mafuta ndi magetsi. MAREP imafikitsa waya ndi thiransifoma pa malo a malonda, pachipatala ndi pasukulu. Kuchokera pamenepo kufika m'nyumba ndi nkhani ya thumba la munthu: kuyala mawaya m'nyumba, kulipira mita, kudikira. N'chifukwa chake si zachilendo kuona waya akudutsa pamwamba pa mudzi umene usiku umaunikira tochi ya mabatire. Pa ndondomeko yonseyi munthu wakumudzi ndi kasitomala. Akhoza kudandaula kwa phungu, koma palibe msonkhano umene angakaimike dzanja.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene anthu a kumidzi anamanga okha m'zaka zimenezo, ndipo ndicho kholo lenileni la magetsi a m'mudzi: madzi a m'mipope ochokera m'mapiri. Ntchitoyi inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira kuzungulira phiri la Mulanje. Boma linkapereka mapaipi ndi amisiri, midzi n'kugawana masiku okumba ngalande, ndipo mpope uliwonse unkakhala ndi komiti yake. Mayiko ena ankabwera kudzaphunzira. Zimene zinadzaoneka patapita zaka n'zakuti kukumba n'kosavuta kusiyana ndi kusamala. Mipope yambiri inauma pamene ndalama zogulira zipangizo zinasowa ndipo odzipereka anatopa.

Phunziro limeneli linakumana ndi magetsi kwa Bondo, m'dera la mfumu yaikulu Mabuka ku Mulanje, pakati pa alimi ang'onoang'ono a tiyi, nthochi ndi chinanazi. Mu 2008 bungwe la Practical Action pamodzi ndi Mulanje Renewable Energy Agency, mothandizidwa ndi ndalama za European Union, anayamba kumanga malo opukusira magetsi pa mtsinje wa Lichenya. Kagwiridwe kake n'kosavuta kukafotokoza. Madzi amapatutsidwa kumtunda, n'kuyenda m'ngalande yasimenti yotsata m'mbali mwa phiri mpaka pa thanki pamene mchenga umadikha. Kuchokera pamenepo amagwera m'chipaipi chotsetsereka, n'kukamenya chigudumu chimene chimazunguza jeneleta, kenako n'kubwerera mumtsinje momwe anachokera. Palibe damu lalikulu, palibe kusamutsa mudzi.

Kumanga kwake ndiye kunali kowawa. Galimoto siifika kumene kuli ngalandeyo. Mchenga, miyala ndi matumba a simenti zinakwera phiri pamitu ya anthu, ambiri a iwo amayi, ndipo ntchito inatenga zaka zochuluka kuposa mmene ankayembekezera. Magetsi anayaka cha m'ma 2013. Chipatala cha Bondo chinasiya kubereketsa amayi ndi kandulo, ndipo zigayo, malo ometera ndi otchajira mafoni zinatsegulidwa m'midzi imene waya wa ESCOM anali asanafike.

Funso la umwini linayankhidwa mwanjira ina. Malowa sanasiyidwe m'manja mwa komiti ya m'mudzi yokha. Panakhazikitsidwa kampani yotchedwa Mulanje Electricity Generation Agency, MEGA mwachidule, imene mwini wake ndi bungwe losamalira phiri la Mulanje Mountain Conservation Trust. Kampaniyi inalandira chilolezo ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, n'kukhala yoyamba m'dziko muno yopanga ndi kugulitsa yokha magetsi kwa anthu kunja kwa ESCOM. Ili ndi amisiri olembedwa ntchito, ogula amagwiritsa ntchito mamita olipiriratu mayunitsi, ndipo cholinga chake si kugawa phindu koma kulibwezera pa ntchito yomweyo. Anthu a m'midzi ali ndi komiti yoyankhula m'malo mwawo. Malo ena opukusira anawonjezedwa pa mtsinje womwewo mpaka mphamvu yonse inafika makilowati 220.

Zifukwa zake n'zomveka. Jeneleta ikapsa pamafunika ndalama zambiri nthawi imodzi, zimene sizingasonkhedwe pabwalo la mfumu. Msungichuma amene ndi mlamu wa theka la mudzi amavutika kudula waya wa munthu amene sanalipire. Madzi akachepa mu Okutobala pamafunika wina wonena kuti chigayo chiime kuti chipatala chiyake, ndipo mawu oterewa sakoma kuchokera kwa mnzako wa pa bawo. Mita yolipiriratu imathetsa milandu yambiri yotere popanda kukangana. Koma pali chimene chimatayika. Komiti imalangiza, membala amalamula. Mayi amene anasenza mchenga uja ali ndi magetsi, chimene ndi chinthu chachikulu, koma pa mtengo wa yunitsi ndi pa mudzi woyenera kulumikizidwa chaka chamawa mawu otsiriza si ake.

Malo ena amene anatsatira anayenda chimodzimodzi, bungwe kutsogolo, komiti pambali. Kwa Sitolo ku Mchinji kunamangidwa malo a sola a makilowati 80 amene anayamba mu 2019 pansi pa Community Energy Malawi mothandizidwa ndi UNDP. Kwa Mthembanji ku Dedza malo a makilowati 12 anayamba mu 2020, mogwirizana ndi yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland ndi bungwe la United Purpose. Palinso anthu amene anadzipangira okha, monga William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu ndi makina ake a mphepo, koma luso la munthu mmodzi ndi nkhani ina. Chidwi pa magetsi odziimira paokha chinakula namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka chathunthu ndi miyezi.

Chodabwitsa n'chakuti luso la umembala likupezeka kale m'dera la tiyi, kungoti silinakumane ndi waya. Smallholder Tea Authority itatha mu 2002, alimi anapanga magulu awo, monga Sukambizi ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo. Magulu amene amagulitsa tiyi pansi pa chizindikiro cha Fairtrade amalandira ndalama yapamwamba pa mtengo, ndipo malamulo ake amati mamembala ndiwo avomereze pamsonkhano waukulu chimene ndalamayo igwire. Ku Mulanje ndalama zoterezi zamangira milatho ndi zipinda zophunziriramo. Alimi a ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo ali ndi magulu osonkhanitsa mkaka, ndipo iwo amaudziwa bwino mtengo wa kuthima kwa magetsi, pakuti thanki yoziziritsira ikaima mkaka wa mamembala onse umasasa limodzi. Ndipo m'midzi yambiri muli banki m'khonde, mmene amayi amagula masheya sabata ndi sabata, bokosi n'kukhala ndi maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu osiyana.

Malamulo nawo anatsegula khomo. Kusintha kwa 2016 kunagawa ESCOM pawiri, ntchito yopukusa magetsi n'kupita ku EGENCO kuyambira mu 2017, ndipo mu 2020 MERA inatulutsa ndondomeko ya malo ang'onoang'ono opangira ndi kugawa magetsi, imene imalola kuti eni ake akhale boma, kampani kapena gulu la anthu a m'dera. Chotsalira ndi chimene alimi a ku America anali nacho mu 1935: ngongole ya zaka zambiri, ya chiwongoladzanja chochepa, yoperekedwa kwa gulu la ogula. Pakadali pano magetsi amene akulowa msanga m'nyumba za kwa Changata ndi midzi yoyandikana nayo ndi a sola ya padenga, ya mababu atatu kapena anayi ndi potchajira foni, imene banja limagula palokha n'kumalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba.