Zithunzi za m'mwamba za pa intaneti: mwini wake ndani?

Munthu aliyense amene ali ndi foni yamakono angathe kutsegula Google Maps kapena Google Earth n'kuona Ndirande monga amamuonera mphamba: malata othinana, mtsinje wa Nasolo ukukhotakhota pakati pa nyumba, tinjira tolowera kumsika. Kuonako n'kwaulere. Koma chithunzicho chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo si amene denga lake likuoneka.

Zambiri mwa zithunzizi Google sijambula yokha. Imagula chilolezo kwa makampani amene ali ndi masetilaiti m'mlengalenga, monga Maxar ya ku America ndi Airbus ya ku Ulaya. Mayina awo ndi aja amalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono m'munsi mwa chithunzi, pamodzi ndi chaka. Masetilaiti amphamvu a makampaniwa amajambula mwakuti kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira malo a masentimita pafupifupi 30, ndiye chifukwa chake nyumba ya ku Chilomoni imaoneka payokha, ndi chimbudzi chomwe kuseri.

Zimene lamulo likunena

M'dziko muno umwini wa ntchito za luso umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989. Bungwe la Cosoma, lokhazikitsidwa mu 1992, ambiri amalidziwa pa nkhani za oimba, komatu lamuloli limakhudzanso zithunzi ndi mapu. Umwini umapita kwa wopanga ntchitoyo, osati kwa mwini wa chinthu chojambulidwa. Kuonjezera apo, Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, choncho ntchito ya mlendo wochokera m'dziko lina la m'panganoli imatetezedwa kuno ngati ya nzika.

Akatswiri a malamulo amatsutsana ngati chithunzi chotoledwa ndi makina opanda munthu wogwira kamera chingatchedwe luso. Mtsutsowo suthandiza kwenikweni wogwiritsa ntchito, pakuti amene watsegula Google Maps wavomera kale mfundo za kampaniyo, ndipo mfundozo zimamumanga ngakhale sanaziwerenge.

Malangizo a Google amalola kugwiritsa ntchito zithunzi za Google Earth pa maphunziro, kafukufuku ndi ntchito zosafuna phindu, bola mayina a eni ake aoneke. Kudula m'munsi mwa chithunzi kuti mayinawo achoke n'kulakwa. Chimene amaletsa ndi kutsatsira malonda, ndipo malonda a nyumba ndi malo ali m'gulu la zoletsedwazo. Wogulitsa puloti ku Machinjiri amene wakopa chithunzi, n'kuzunguliza mzere wofiira, n'kuchimwaza pa Facebook, waphwanya mfundozi. Wogula nayenso achenjere pa chifukwa china: chithunzi chingathe kukhala cha zaka zapitazo, ndipo m'malo otsetsereka chimaphonya ndi mamita angapo. Malire a puloti amatsimikizidwa ndi saveya wovomerezeka ndi miyala yake, osati mzere wojambula ndi chala.

Kulemba mapu kuchokera pa chithunzi

Apa m'pamene nkhaniyi imakhudza miyoyo. Madera ambiri a Bangwe, Ndirande ndi kumtunda kwa Zingwangwa anakula popanda pulani, ndipo njira zake zambiri zilibe mayina. Pofuna kudziwa kuti nyumba zilipo zingati m'mphepete mwa mtsinje, kapena kuti ambulansi ingalowere pati, njira yachangu ndiyo kutsata chithunzi cha m'mwamba n'kulemba denga lililonse ndi msewu uliwonse pa mapu atsopano. Mfundo za Google zimakaniza mchitidwe umenewu: sizilola kupanga mapu ena kuchokera pa zithunzi zake.

Ndiye chifukwa chake OpenStreetMap, mapu olembedwa ndi anthu ongodzipereka amene anayamba ku Britain mu 2004, amaletseratu kukopa chilichonse ku Google. Kopezeka kuti kanachokera kumeneko kamafufutidwa, ngakhale wolembayo atachezera usiku wonse. Olemba mapuwa amadalira zithunzi zimene eni ake anapereka chilolezo, monga za Bing, zimene Microsoft inaloleza mu 2010. Chilolezocho n'chotsatira chithunzi polemba mapu basi, si chosindikiza chithunzicho pa kalendala. Mapu otulukawo ndi amene ali omasuka: kuyambira 2012 ali pansi pa chilolezo cha ODbL, cholola aliyense kuwagwiritsa ntchito, ngakhale pa malonda, malinga atchule OpenStreetMap ndipo akawonjezera zina pa nkhokweyo n'kuifalitsa aigawe mwa njira yomweyo.

Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe. Pa tsoka lotere, opulumutsa anthu amafuna kudziwa pamene panali nyumba dzulo lake, ndipo mapu amene khonsolo, mabungwe ndi achipatala angapatsane osayamba apempha chilolezo kunja ndiwo amagwira ntchito msanga.

Zithunzi zaulere zenizeni zilipo. Za Landsat, za boma la America, zinatsegulidwa kwa onse mu 2008, ndipo za Sentinel-2, za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, zakhala zikupezeka kuchokera mu 2015. Vuto lake n'lakuti kadontho kamodzi ka Landsat kamaimira mamita 30, ka Sentinel-2 mamita 10. Zimaonetsa bwino kutha kwa mitengo m'phiri la Ndirande kapena chipsera cha chigumukire pa Soche, koma nyumba ya zipinda ziwiri imasowa m'kadontho.

Yatsala ndi njira yodzijambulira. Malawi anatsegula dera loyeserera madroni ku Kasungu mu 2017 mothandizidwa ndi Unicef, ndipo mu 2020 kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy. Chithunzi cha droni chimakhala cha amene wajambula kapena amene wamulemba ntchito, malinga ndi mgwirizano wawo, ndipo kuulutsa droni kumafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege. Wofuna kugawana ndi ena angachiike pa OpenAerialMap, pamene aliyense amatenga mwaulere bola atchule wojambula.