Ekala, hekitala ndi mnzawo wa ku France

Pobwereka munda, wina amati "ekala" pamene mnzake akuganiza za hekitala. Izitu n'zosiyana, ndipo wolima ganyu ndiye amapwetekeka msana.

Mawu akuti ekala tinabwereka ku Chingelezi, kwa acre. Kalekale ku England ankatanthauza munda chabe, kenaka malo amene ng'ombe ziwiri zapagoli zikanatha kugaula tsiku limodzi. Sanali malo a mbali zofanana ayi, koma kamzere kakatali: mafiti 660 m'litali, 66 m'lifupi, chifukwa kutembenuza pulawo pafupipafupi n'kotopetsa. Lero ekala ndi masikweyamita pafupifupi 4,047. Mukayenda mapazi akuluakulu 70 uku, 70 uko, mwayandikira.

Afalansa anali ndi muyeso wawo, arpent, koma wosokoneza mutu. Wa ku Paris unali masikweyamita 3,419, pomwe woyezera nkhalango za mfumu unali 5,107. Dzina limodzi, minda iwiri yosiyana! Wa ku Paris uja ndiwo unawoloka nyanja n'kukafika ku Quebec ndi ku Louisiana, kumene ukadali m'zikalata zakale za malo. Mdzukulu wa kumeneko akapeza chikalata chakuti agogo anasiya ma arpent 40, asathamangire kuuza wogula kuti ndi maekala 40. Achulukitse ndi 0.845, apeza maekala 34 osakwana bwinobwino.

Chisokonezo chotere n'chimodzi mwa zimene zinachititsa France kukhazikitsa miyeso ya mita mu 1795, ndipo hekitala inachokera kumeneko. Hekitala ndi masikweyamita 10,000, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Choncho alangizi akatchula matumba a feteleza pa hekitala, muyambe mwagawa musanathire pa ekala yanuyo.