Khutu la makaniko wa kwa Kaduya

Njinga zamoto za kabaza zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya fumbi kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, injini yake inatengera Honda CG125 ya 1975. Akampani ya Honda anaiika timitengo tachitsulo tokankha mavalavu, kuti izipirira kumadera kumene oyilo sasinthidwa kawirikawiri. Luso la amakaniko linakulira pa injini yomweyi: ikayamba kulira kuti kwetekwete, amaidikira izizire, kenaka n'kuyeza mpata wa valavu ndi kumanganso kanati kake. Ena amati njinga za ku China zolowera ku Mozambique n'zamakono, choncho luso lakale latha ntchito. Akulakwa. Chasintha ndi dzina la pathanki, chitsulo cham'kati n'chomwe chija, ndipo fumbi lolowa ndi mpweya likudyabe mavalavu ngati kale.