Mafupa a m'Dzenje la ku Ilford

Abale okondedwa m'makomboni, inu amene mukumba pansi tsiku ndi tsiku, nkhani iyi ndi yanu.

Anzeru akale a ku Greece ndi Roma, akapeza pfupa lalikuru m'nthaka, anali kunena kuti ndi la cimphona, pakuti mabuku a makolo ao anatero. Ngakhale Augustine, bishopu wa ku Hippo, mwana wa Africa mnzathu amene anamwalira m'caka ca 430, analemba kuti anaona dzino pa gombe la Utica, lalikuru ndithu lakuti polidula mukadaturuka mano athu zana limodzi. Iye anati linali la cimphona. Sitimseka ai, anaona ndi maso ace, ndipo sananame. Cimene sanacite ndico kuliika dzinolo pambali pa dzino la njobvu, ngakhale njobvu anthu a ku Roma anazidziwa bwino.

Ici anacicita Georges Cuvier ku Paris m'caka ca 1796. Anatenga zibwano ndi mano a njobvu za ku Africa ndi za ku India, nazilinganiza ndi mafupa ofukulidwa ku Siberia, napeza kuti mwini mafupawo ndi njobvu ya mtundu wina umene unatha kale, yochedwa mammoth.

Tsono ku Ilford, kum'mawa kwa London, kunali dzenje la Uphall kumene anchito anali kukumba dothi la njerwa. M'caka ca 1864 anafukula cigaza ca mammoth, pamodzi ndi minyanga yace iwiri. Mafupa a m'dzenjemo anali ofumbwa, osacedwa kuphwanyika. Cifukwa cace Antonio Brady, amene anali kuwasonkhanitsa, pamodzi ndi William Davies wa ku British Museum, anayamba acimata pulasitala, nacinyamula cosasweka. Pambuyo pace Davies analemba mafupa onse m'kaundula, lirilonse ndi nambala yace, monga ife alembi ticitira ndi matikiti anu, kuti wokaika adzayese yekha. Oyesa zaka akuti nyamayo inali moyo zaka ngati 200,000 zapitazo.

Koma taonani, maina a Brady ndi Davies tiwadziwa, pamene okumba aja angochedwa "anchito". Momwemonso ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, pa 17 June 1921 anafukula cigaza ca munthu wakalekale. Dzina la Mzungu, Tom Zwigelaar, linalembedwa. La munthu wakuda amene anali kukumba naye silinalembedwe. Zigaza zonse ziwiri zinapita ku London, ndipo Boma la Zambia lakhala likupempha kuti ca ku Kabwe cibwerere kwao.